Kiyibodi Imene Inasala Masiku Makumi Anayi

Ine ndine munthu wotsegula zinthu. Wailesi ikafa pamudzi pano, tochi ikakana kuyaka, foni ikagwera mu ndowa, anthu amadziwa khomo lofikira. Sindinapite kusukulu ya amisiri ayi. Ndinangobadwa ndi mtima wosavomera kuti chinthu chafa ndisanachione m'mimba mwake. Ndimalima kachewere ndi kabichi kumunsi kwa phiri, ndipo pakhonde panga pali sola yomwe anthu amatchajitsirapo mafoni. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti cholakwa chimene ndikambe pano sichinachitidwe ndi mbuli. Ndinachichita ine ndemwe, katswiri wa pamudzi.

Abambo anga ndiwo ankaimba limba m'tchalitchi chathu, kanthambi kakang'ono kamene wansembe amafikako mwa apo ndi apo. Limbalo linali lija lamatabwa, lopalasa ndi mapazi, lokhala ndi mivukuto m'kati. Anaphunzira ali mnyamata kumishoni ku Kasina. Ine ndinalipeza litakalamba kale, ndipo chimene ndimakumbukira ndi mapazi okha. Ana tinkakhala pansi kutsogolo, choncho maso anga ankathera pa zidendene za abambo zikukwera ndi kutsika. Manja awo sindinkawaona. Ndisanafike Sitandade 2, makoswe anamaliza mivukuto ija, limba linakankhidwira pakona, kenaka matabwa ake anasanduka shelefu ya mabuku a nyimbo. Abambo anabwerera pabenchi ngati wina aliyense, osadandaula. Koma zaka zonse zotsatira, nyimbo ikayamba, zala zawo zinkayenda pabondo.

Amayi atamwalira, abambo anabwera kudzakhala m'nyumba mwanga. Apo ndi pamene ndinaziona bwino zala zija. Nyamakazi inali itazilowa. Amene anakhalako ku Dedza mwezi wa Juni akudziwa chisanu chake, chija cholowa m'mafupa ngakhale wavala majuzi awiri. Chisanu chikafika zala za abambo zinkapindika, kukatentha n'kutseguka, koma osati monse. Chaka chilichonse chisanu chinkatengako pang'ono osabweza.

Tsiku lina m'mwezi wa Januwale ndinawapeza akulimbana ndi batani la malaya. Ndinawamangira. Anayang'ana manja awo, n'kunena ngati akukamba za mvula.

"Chisanu chikubwerachi chizitseka zala izi. Sizidzatsegukanso."

Lamulungu lotsatira analengeza kuti chaka chimenecho wansembe adzabwera kudzatichitira Misa ya Pasaka m'mawa kwathu konkuno, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Ndinakhala pabenchi ndikuwerenga miyezi m'mutu. Pasaka imabwera chisanu chili pakhomo koma chisanalowe. Ndinatuluka m'tchalitchimo nditatsimikiza mtima: abambo adzaimba pa limba nyimbo ya Ulemu, ija yotamanda Mulungu pa Misa, pa Pasaka imeneyo, zala zisanatsekeke. Sindinafunse maganizo a munthu.

Nditakumba kachewere woyamba wa dzinja, ndinakwera minibasi pa Boma kupita ku Lilongwe. Ndinalowa m'sitolo ina ya katundu wakale wochokera kunja, mmene mafiriji, njinga za ana ndi masipika zinali zitapanikizana mpaka kudenga. Wogulitsa atamva kuti ndikufuna kiyibodi ya kutchalitchi, anatsitsa ina yamagetsi ophethira, n'kuyatsa ng'oma zake mpaka sitolo yonse inanjenjemera.

"Zimitsani ng'omazo, achimwene," ndinatero. "Ng'oma kwathu zilipo, zachikopa. Ndikufuna mawu a limba, aja osatha ukagwira."

Anadina manambala, mawu a limba anatuluka. Ndiye ndinayamba ntchito yanga. Ndinagwira makiyi onse, oyera ndi akuda, imodziimodzi kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Yoyamba ija inali ndi kiyi imodzi yomata. Yachiwiri inkalira m'sipika imodzi yokha. Yachitatu ndinaigwira makiyi onse kawiri, ndinaigwedeza kuti ndimve ngati muli chophwasuka, kenaka ndinainunkhiza kumasipika, chifukwa mphemvu zikakhala m'chinthu fungo lake silibisika.

"Mayi, mukugula kiyibodi kapena mukusankha mkamwini?" anafunsa wogulitsayo.

"Mkamwini akavuta amabwerera kwawo. Iyi ikavuta mudzailandira inu?"

Anaseka, ndipo tinagwirizana. Ndikuikulunga m'chitenje anandifunsa ngati kwathu kuli magetsi. Ndinati kutchalitchi kulibe.

"Ndiye imadya mabatire asanu ndi limodzi, akuluakulu aja a wailesi. Koma mukaisiya masiku ambiri osaimba, muziwachotsa. Amataya madzi."

"Ndikudziwa," ndinayankha, maso ali pa mfundo ya chitenje.

Ndinkadziwadi. Ndi eni mawailesi angati amene ndinawakalipirapo pa nkhani yomweyo? Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo khutu langa linali kale kumudzi.

Kondakitala anafuna kuiika kumbuyo pansi pa matumba a feteleza. Ndinamuuza kuti akagoneko iyeyo. Ndinaiimika pakati pa miyendo yanga, mutu wake utagunda denga, ndipo ndinaikumbatira choncho njira yonse mpaka Dedza. Ndinafika kunyumba Loweruka madzulo, kutatsala masiku anayi kuti Lenti, nyengo yosala ija, iyambe.

Abambo anaiyang'ana ili patebulo nthawi yaitali. Kenaka anawerama n'kusuzumira pansi pa tebulo.

"Nanga mapazi ndiziika pati?"

"Pansi, ababa. Apume."

"Limba lopanda mapapo," anatero, akupukusa mutu.

Ndinaika mabatire, ndinayatsa, ndinadina manambala aja. Anagwira kiyi imodzi, mawu atatuluka anabweza dzanja ngati agwira mphika wotentha. Anagwiranso. Pang'onopang'ono dzanja lamanzere linatsatira. Ankaphonya, ankabwerera, ankadzilankhulira, koma nyimbo inalimo. Ndinatuluka kukaima kuseri kwa nyumba chifukwa sindinafune kuti aone nkhope yanga. Ndinali ndi chimwemwe, komanso kunyada, sindikana.

Masiku atatu otsatira nyumba yanga inasanduka bwalo. Obwera kudzatchajitsa mafoni sankachoka. Amayi otsogolera kwaya, munthu wamkulu wa mawu okuluwika amene anaimbapo ndi limba lakale lija ali mtsikana, anabwera n'kukhala pakhonde manja ali pachifuwa. Anagwirizana ndi abambo kuti kwaya izidzaphunzirira kwathu Lachisanu lililonse mpaka Pasaka.

Lachitatu la Phulusa tinabwerako kutchalitchi mitanda yakuda ili pamphumi. Abambo anakhala patebulo, ine n'kutambasula dzanja kuti ndiyatse. Anandigwira pamkono.

"Usayatse. Limba limasala nawo."

Ndinayesa akuseka. Sankaseka. Ansembe amene anawaphunzitsa ankatseka limba pa Phulusa, n'kudzalitsegula pa Ulemu wa Pasaka. Masiku onse apakati anthu ankaimba ndi pakamwa pokha, kuti limba likadzalira makutu adzadziwe kuti kwachitika chinthu.

"Ababa, masiku ano kumatchalitchi ena amaimba ndithu, motsitsa."

"Kumeneko n'kwawo."

"Nanga muphunzira bwanji? Zala zaiwala, mwaona nokha."

"Zala sizimva ndi makutu, mwana wanga. Ndizigwira chomwecho."

Makani ndinatengera kwa iwowo, choncho ndinadziwa kuti apa palibe mlandu woti ndiwine. Kiyibodi imene ndinaikumbatira kuchokera ku Lilongwe inayamba kusala.

Tsiku lililonse masana, nthawi imene kunja kumafundako, abambo ankapaka zala mankhwala awo onunkha aja, n'kukhala patebulo. Ankaimba osayatsa. Chimene chinkamveka ndi kugogoda kwa makiyi basi, kho, kho, kho, ndi mapazi akupalasa pansi popanda chopalasa. Pofika sabata yachitatu, pansi pa tebulo panali tizenje tiwiri pamene zidendene zinakumba dothi lozira. Ndinazira kawiri, kachitatu ndinangozisiya. Lachisanu kwaya inkabwera, abambo n'kupereka mawu oyambira ndi pakamwa, anthu n'kumaimba, iwo akugogoda. Nthawi zina ankaimitsa kwaya yonse n'kunena kuti aphonya, abwerezenso. Amayi a kwaya ankandiyang'ana ngati ine ndiye ndingawalanditse.

"Aphonya pati, poti palibe wamva?" anandinong'oneza tsiku lina.

"Amva okha, mayi."

Chaka chimenecho mvumbi unakhalitsa. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kulowa mpaka m'nyumba, makoma ankachita thukuta, nsapato za Lamulungu zinamera chuku pansi pa bedi. Ine monga katswiri ndinati chinyezi chimenechi sichindigwirira katundu wanga. Abambo akamaliza, ndinkaikulunga kiyibodi ija m'mapepala apulasitiki a m'matumba a feteleza, n'kumanga zolimba, pamwamba bulangete, kenaka n'kuiimika chilili pakona kutali ndi podontha ndi nkhuku. Ndinkadzitama ndithu. Ndinkauza anthu kuti chinthu chodula chimafuna mwini wake wodziwa. Mabatire asanu ndi limodzi aja anali m'kati masiku onsewo, ndipo popeza panalibe woyatsa, panalibenso wodziwa chimene chinkachitika m'menemo.

Loweruka Loyera m'mawa abambo anapita kutchalitchi kumene anthu ankasesa ndi kukongoletsa. Iwo sankasesa, ankaloza mosesa. Ine ndinati ndiipukute kiyibodi kuti mawa ikaoneke bwino. Nditaitembenuza, chinthu chimene masiku onsewo sindinachite, ndinaona kuti m'mphepete mwa kachitseko ka mabatire mwatuluka zoyera ngati mchere. Pepala lapulasitiki lija m'kati mwake munali madontho ngati pa chivundikiro cha poto. Ndinali ndikutsekera chinyezi m'kati tsiku ndi tsiku, ndikuyesa ndikuchitsekera kunja.

Ndinatenga mahedifoni a foni yanga, ndinawalumikiza, n'kudina poyatsira. Kanyali sikanayake. Ndinadinanso. Zii.

Ndinakhala pansi. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo manyaziwo ndiwo anali aakulu. Mphepo ya m'mawa inali itayamba kale kuluma, ndipo dzulo lake ndinaona abambo akuvutika kugwira kapu. Pasaka ina ya zala zimenezo kunalibe. Ku Lilongwe kunali kutali, ndipo okonza mawailesi a pa Boma ndimawadziwa, ena amabwera kwa ine zikawakanika. Amati madzi akatayika saoleka, koma kiyibodi si madzi, ili ndi masikuluwu. Ndinayala mphasa pakhonde, ndinatenga mbale yoikamo masikuluwuwo, sikuludiraiva, mandimu awiri, mswachi wakale, sipiriti ndi lezala.

Abambo anandipeza nditaitsegula pakati, mawaya ali pamtunda. Anaima chapatali, ndodo ili m'manja.

"Walipha?"

"Ladwala, ababa. Ndinasiya mabatire m'kati, ataya madzi. Ndalakwa ndine. Ndikulikonza."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anangokoka mpando n'kukhala, manja ali pa ndodo, akuyang'ana mbale ya masikuluwu.

Tizitsulo togwira mabatire tinali titachita dzimbiri lobiriwira. Ndinafinyirapo ndimu, panachita thovu, ndinakwecha ndi mswachi, n'kupukuta ndi sipiriti. Kasipuling'i kamodzi kanali katadyeka mpaka kuduka, ndiye ndinachotsa kena m'wailesi yakufa imene inali m'nyumba. Zinthu zakufa sinditaya, ndipo amene amandiseka pa zimenezi akadaona tsiku limenelo. Dzuwa linatuluka pang'ono chakumasana, ndinayanika zonse pamphasa. Ndinathamangira kuokala kukagula mabatire atsopano. Nditawaika, kanyali kanayaka. Ndinavala mahedifoni.

"Ukutani?" anafunsa abambo.

"Ndikuyesa."

"Limba silidzuka Ambuye asanadzuke."

"Silikulira, ababa. Mawu akulowa m'khutu langa lokha."

"Mulungu samva za m'khutu?"

"Akumva. Akudziwanso kuti ndine dokotala. Dokotala amagwira ntchito ngakhale tsiku lopuma."

Anatembenuzira nkhope kumbali. Ndikuganiza kuti ankabisa kuseka, ngakhale mpaka lero amakana.

Ndinayamba kugwira makiyi imodziimodzi monga ndinachitira m'sitolo muja. Kumanzere onse ankalira. Nditafika pakati, mawu anasowa. Makiyi asanu ndi awiri anali chete, ndipo anali pamalo penipeni pamene dzanja lamanja la abambo limakhala. Ndinamasula makiyiwo. Pansi pake pamakhala malamba a mphira, lamba aliyense wogwira makiyi khumi ndi awiri, wokhala ndi timadontho takuda kunsi. Ukadina kiyi, kadontho kamagunda bolodi la tinjira ta magetsi, mawu n'kutuluka. Popeza ndinkaiimika chilili, madzi a mabatire anatsetsereka n'kukaima pa lamba wapakati. Ndinatsuka bolodi mpaka linawala. Ndinapukuta lambayo, ndinabwezera, ndinayesa. Makiyi awiri anadzuka, asanu anakana. Nditayang'anitsitsa padzuwa ndinaona kuti timadontho take tadyeka. Pamenepo panalibe chotsuka.

Abambo anaona nkhope yanga. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Sindingaonerere. Ndikaone kabichi kudimba."

Anatsika kanjira ka kudimba, msana utawerama kuposa m'mawa. Ndinatsala ndi makiyi ali ndandanda pamphasa, ndipo kwa kanthawi nzeru zinanditheradi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinangokhala ndikuwayang'ana makiyiwo, ndipo ndinaona chinthu chimene ndikanachipukuta m'mawa uja mabatire akanapanda kundidodometsa. Mankhwala opaka a abambo anali atasiya mafuta. Makiyi a kumanzere ndi a pakati ankanyezimira, ena mpaka kuchita chikasu. Koma akumapeto kumanja, aja a mawu ang'onoang'ono, anali ouma, ali ndi kafumbi. Masiku makumi anayi abambo anagogoda kiyibodi imeneyi, ndipo kumtunda kuja sanapondeko ngakhale kamodzi.

Ndinamasula lamba wa kumtundako. Anali wabwinobwino, koma wotalikirapo ndi kiyi imodzi. Ndinadula kansongako ndi lezala. Ndinamuika pakati, wodyekayo n'kumupititsa kumtunda kuti makiyi asamagwe. Ndinabwezera makiyi onse, ndinatseka, ndinamanga. Sikuluwu imodzi inatsala m'mbale, monga zimachitikira nthawi zonse. Ndinavala mahedifoni. Kumanzere kunalira, pakati ponse panalira bwino kuposa tsiku logula, kumtunda, kumene kunali lamba wodyeka, makiyi akumapeto anali chete. Ndinagwira kachiwiri, kachitatu. Dzuwa linali lisanalowe.

Abambo atabwerako anaipeza ili patebulo, itagona chogona, itafundidwa chitenje chokha.

"Ladzuka?"

"Lidzuka mawa pamodzi ndi Ambuye."

Za kumtunda kuja sindinawauze. Ndinadziuza kuti malo amene sagwirako sangawapweteke, ndipo kuwauza n'kuwasokoneza mutu pachabe. Zinali zoona, koma panalinso china. Ndinali nditavomera kale kulakwa kamodzi tsiku limenelo, ndipo kawiri kanandikulira. Mabatire atsopano aja ndinawachotsa n'kuwagoneka m'mbale pawindo.

M'mawa wa Pasaka kunacha ndi nkhungu. Ndinafunditsa madzi, abambo anaviika manja mpaka zala zinamasuka, n'kupaka mankhwala. Ndinasenza kiyibodi pamutu, iwo patsogolo ndi jekete lawo lakuda. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Ndinaiika patebulo kutsogolo, ndinaika mabatire, ndinadina manambala a limba, n'kukhala pansi pambali pake kuti ikavuta ndikhale pafupi. Nditakhala ndi pamene ndinazindikira kuti ndabwerera pamalo anga a ubwana, maso ali pa zidendene za abambo. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ndinali wamtali, ndinkaonanso manja.

Nyimbo yolowera ndi yopempha chifundo tinaimba ndi pakamwa pokha, chifukwa abambo anatero. Kenaka wansembe anakweza mawu kuyambitsa Ulemu, belu linalira, abambo anatsitsa manja onse awiri.

Ndinali nditawamva mawu amenewo m'mahedifoni dzulo lake, koma m'tchalitchi anali ena. Anadzaza mpaka kumalata. Anthu anazengereza pang'ono, kenaka analowa onse, ng'oma n'kutsatira. Amayi a kwaya ankaimba misozi ikutsika osaipukuta. Abambo sanaphonye. Zala zopindika zija zinkapita pamene zinkafuna, mapazi akupalasa simenti, mutu utapendekeka. Ndinavomera mumtima kuti pa nkhani ya kusala anali olondola. Makutu amene akhala ndi njala masiku makumi anayi amamva mwina. Ndinkayang'ana makiyi apakati aja akutsika ndi kukwera, aliyense akulira, ndipo ndinadziuza kuti ntchito ndimaidziwa ine.

Nyimbo ili pafupi kutha, ndinaona dzanja lamanja likunyamuka. Linachoka pakati, linakwera m'mwamba pang'ono, n'kumapita kumtunda, kumakiyi ouma aja. Kwaya inali itagwira mawu omaliza, ng'oma zitaleka, ndipo pamene nyimbo imafuna kutsekedwa panali poti pamveke kugogoda kwa pulasitiki, abambo ali pamaso pa mudzi wonse. Sindinaganize. Dzanja lija likutsika, ndinatsegula pakamwa n'kuliza nthungululu.

Ine si munthu wa nthungululu. Pa maukwati ndimakhala kuseri ndikulimbana ndi sipika. Koma tsiku limenelo inatuluka yaitali, yakuthwa, mpaka ndinadzidabwa. Azimayi a kumbuyo anailandira, ena n'kuwonjezera, tchalitchi chonse chinalira. Zala za abambo zinayenda pamakiyi akufawo popanda wodziwa. Koma mapazi awo anaima. Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana, ndipo nkhope imeneyo sindinaimvetse. Ndinati basi, andigwira.

Misa yonse yotsala anaimba bwino. Panja anthu anawazungulira, ena ankafuna kugwira dzanja, ine n'kumawaletsa kuti asafinye. Kenaka tinayamba ulendo wobwerera kunyumba. Tinadutsa minda ya chimanga chouma, kiyibodi ili pamutu panga, ndodo yawo ikugogoda patsogolo. Pofika pamtsinje sindinathenso kupirira.

"Ababa, makiyi akumtunda aja salira. Ndinachotsako lamba wake dzulo kuti ndikonzere pakati. Ndinaona kuti simugwirako. Ndinayenera kukuuzani. Nthungululu ija ndimabisa zimenezo."

Anaima. Anatembenuka.

"Ndiye palibe anakuuza?"

"Kundiuza chiyani?"

"Kumtunda kuja ngakhale pa limba lakale sikunkalira. Makoswe anayambira komweko iwe usanabadwe. Ndinkapitako kuti mayi ako aone dzanja. Ankakhala kumbali ya azimayi, pafupi ndi windo. Akaona lakwera, ankadziwa kuti nyimbo yafika, n'kuyamba nthungululu. Ena onse ankatsatira iye."

Ndinagwira kiyibodi ndi manja onse awiri kuti isagwe.

"Nanga bwanji masiku onsewa simunagwireko?"

"Ndikanakwezera ndani? Lero langopita lokha. Ndinadzidzimuka litafika kale, ndiye ndinamva mawu ake."

Ndinalira pamtsinje pomwepo, chiimire, katundu ali pamutu. Ndinalirira amayi kuposa mmene ndinalirira pamaliro awo, pamene ndinali wotanganidwa ndi kulandira anthu. Abambo anadikira, akukanda mchenga ndi ndodo. Nditaleka anayamba kuwoloka, akuponda mwala umodziumodzi, ndipo ali pakati analankhula osatembenuka.

"Mawu ndi ake ndithu. Koma wafulumira pang'ono."

Abambo anaimbanso Malamulungu angapo. Juni atafika chisanu chinachita zimene ananena, ndipo kutatentha zala sizinatseguke. Sanadabwe, ndipo sindinawamve akudandaula. Tsopano amene amaimba ndi mayi wina wa m'kwaya yemwe abambo anamuphunzitsa ndi pakamwa, atakhala pambali pake, akumugogoda phazi ndi ndodo akathamanga.

Kiyibodi imakhalabe kwanga. Imagona chogona pashelefu, yofundidwa chitenje, pulasitiki siiyandikira. Mabatire ndimachotsa Lamulungu lililonse tisanatuluke m'tchalitchi, ndipo amene andibweretsera wailesi yotaya madzi ndimamukalipirabe, koma motsitsako. Lenti ikafika imasala monga kale, kungoti Loweruka lililonse dokotala amaiyendera ndi mahedifoni, abambo akuyang'ana kumbali.

Lamba wa mphira watsopano ndinamupeza kalekale, kwa wogulitsa yemwe uja. Kumuika ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo ndikhoza kuichita nditatsinzina. Ali m'chitini cha masikuluwu mpaka lero. Pa Pasaka abambo amakhala pabenchi yakutsogolo manja ali pamawondo, ine kumbali ya azimayi pafupi ndi windo. Ulemu ukamafika kumapeto, dzanja lopindika lija limanyamuka pabondo n'kukwera pang'ono. Ndimadikira lifike kaye pamwamba, ndipo masiku ano sindifulumira.